Masamu Kuseri kwa Katoni

Msika wa Ulongwe utaphwasuka, sikelo nditaimanga m'thumba,
mlongo wanga Jerevazio anandipeza ndikukung'untha masaka.
Malasha a ku Moatize anali akadali m'zikhadabo zake
ngakhale ntchitoyo inatha mvula isanagwe.
Anandiyandikizira foni kumaso
ngati akundionetsa khanda.
"Taona, Abelina. Ndapindula."

Ndalama zakezo zilibe nkhope ya munthu,
sizinunkha thukuta,
sungazimange pansonga ya chitenje.
Akuti kiripito.
Usiku zimanenepa kapena kuwonda, mwini wake ali mtulo.

Anagula katatu.
Koyamba, imodzi inali pa zikwi ziwiri za metikali.
Kachiwiri, anzake a kumgodi atapenga nazo, zikwi zinayi.
Kachitatu, zitagwa chagada, chikwi chimodzi basi.
Iye anaphatikiza mitengo itatuyo n'kugawa patatu:
zikwi ziwiri, mazana atatu, ndi tinyenyeswa.
Lero foni ikuti zikwi ziwiri ndi mazana anayi.
Mano onse pamtunda.

Ine sukulu ndinalekezera kalasi yachisanu,
koma kachewere wandiphunzitsa zaka khumi ndi ziwiri.
Ukagula ndowa makumi atatu ku Domwe pamtengo wowawa,
n'kutola imodzi yotchipa kwa mayi wothamangira kuchipatala,
imodziyo singalankhule mofanana ndi zinzake.
Mtengo umalemera ndi katundu amene wasenza.

Ndinang'amba katoni ya sopo,
cholembera ndinabwereka kwa wogulitsa anyezi.
Usandiuze mitengo, ndinatero.
Ndiuze zimene zinatuluka m'thumba.

Zikwi zisanu ndi chimodzi: anapeza zitatu.
Zikwi zisanu ndi zitatu: anapeza ziwiri.
Apa anayang'ana kumbali, kumene kunalibe kanthu.
Zinali za malata a nyumba ya amayi.
Chikwi chimodzi, chimene shapa inamusiyira: anapeza imodzi,
poti tsiku lotchipa limapeza munthu atauma.

Phatikiza: zikwi khumi ndi zisanu.
Werenga zimene wagwira: zisanu ndi imodzi.
Gawa.
Cholembera chinaboola katoni, ndinalembanso pambali:
zikwi ziwiri ndi theka.

Iliyonse unaigula pamenepa, mbale wanga.
Lero iliyonse yaperewera zana.
Kasanu ndi kamodzi.
Ndipo sitinaikepo zimene anakudula potumiza,
kapena mayunitsi amene umawotcha
ukudikirira kamzere kobiriwira kaja mpaka tambala,
ngati ng'ombe yatsala pang'ono kubereka.

Lole ya mbatata yopita ku Tete inadutsa,
fumbi linatikuta tonse awiri.
Anawerenganso ndi zala, milomo ikuyenda popanda mawu.
Anawerenganso kachitatu.
Masamu alibe chibale.

"Ikwera," anatero.
Mwina. Sindine mlosi.
Kachewere nayenso amagwa mtengo,
chaka chatha ndinalira naye pano pomwe.
Kusiyana kwake, wanga akakanidwa pamsika
timakamuphika ndi tomato.

Mazana asanu ndi limodzi si maliro.
Anthu amataya zoposa apo Loweruka limodzi pabawo ndi kachasu.
Koma amayi usiku amadzuka kusuntha beseni
kutsatira kumene denga layambira kudontha,
ndipo zimenezo sizilowa m'katoni,
sindidziwa kuti ungazigawe ndi chiyani.

Anajambula katoni ndi foni yomweyo,
n'kuipinda, n'kuiika m'thumba la malaya.
Anandinyamulira masaka mpaka pamsewu, osalankhula.
Titafika pamthunzi wa bulugamu anaima.

"Nanga nditagulanso lero, pamtengo wa lerowu,
zikwi ziwiri ndi theka zija sizingatsike?"

Zingatsike, ndinatero. Pang'ono.
Nambala imatsika, dzenje likukula.

Sanali kuyang'ana ine.
Anali kuyang'ana mfundo ya pachitenje changa.
Ndinaikoka, n'kuimanganso kawiri.